Mbiri ya Mwala wa Phiri la Mulanje

Aliyense amene wayendapo pa msewu wa Midima kuchokera ku Limbe amadziwa mmene phiri la Mulanje limalandirira mlendo. Minda ya chimanga, nandolo ndi chinangwa imayalana m'chidikha, kenaka kutsogolo kumaima khoma la mwala wotuwa, nsonga zake zitalowa m'mitambo. Chidikhacho chili pa mamita 600 mpaka 700 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse m'Malawi, ili pa mamita 3,002. Phirili ndi la makilomita pafupifupi 26 m'litali ndi 22 m'lifupi, ndipo lili ndi nsonga pafupifupi 20 zopitirira mamita 2,500. Kumadzulo kwa nsonga ya Chambe kuli thanthwe lotalika mamita pafupifupi 1,700, limene okwera miyala ndi zingwe amati mu Africa monse mulibe lina lolitalikira.

Tikamakamba mbiri ya Mulanje timakonda kuyambira pa anthu: Amang'anja amene ankathira nsembe m'mphepete mwa mitsinje yake, Ayao amene anafika m'zaka za m'ma 1800, Alomwe amene anawoloka malire kuchokera ku Mozambique, ndi azungu amene anatsegula minda ya tiyi. Onsewa anaupeza mwala ulipo kale. Mwalawo ndi umene unakonzeratu kumene mvula izigwa yambiri, kumene mitsinje izidutsa, kumene dothi likhale lozama, ngakhalenso kumene chigumula chizitsikira. Madalitso ndi masoka a anthu a ku Mulanje ndi Phalombe amachokera m'thanthwe limodzimodzili, choncho mbiri yawo imamveka bwino tikayamba taimva ya mwala.

Mafuko atatu a miyala

Akatswiri amagawa miyala yonse ya pa dziko m'mafuko atatu potengera mmene inapangikira, ndipo onse atatu akupezeka m'Malawi.

Fuko loyamba ndi la miyala yochokera ku moto. Pansi pa nthaka, makilomita ambiri kutsika, kumatentha moti malo ena mwala umasungunuka n'kukhala chiphalaphala chotchedwa magma. Chiphalaphalacho chikatulukira kunja kudzera m'phiri lophulika kapena m'ming'alu, chimazizira msanga n'kusanduka mwala wakuda wa timibulu tosaoneka ndi maso, monga basalt wopezeka kumunsi kwa chigwa cha Shire. Chikalephera kutuluka, chimazizira pansi pomwepo kwa zaka masauzande ambirimbiri, ndipo timibulu ta m'mwalamo timapeza nthawi yokula mpaka kuoneka bwino lomwe. Granite ndi wa mtundu umenewu.

Fuko lachiwiri ndi la miyala yoyalana. Mitsinje imatuta mchenga, matope ndi zinyalala za zomera n'kukaziunjika m'madambo ndi pansi pa nyanja. Pakapita nthawi, za pamwamba zimapsinja za pansi mpaka zonse zimagwirana n'kuuma kukhala mwala wa mizeremizere. Malasha a ku Mchenga m'boma la Rumphi ndi zomera za m'madambo a zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, ndipo uranium wa ku Kayelekera ali m'mwala umene poyamba unali mchenga wa mitsinje. Mafupa a nyama zakale amasungika m'fuko limeneli. Ku Karonga kunapezeka mafupa a dinosaur, ndipo ku Uraha, m'boma lomwelo, mu 1991 kunapezeka nsagwada ya munthu wakale wa zaka pafupifupi 2.4 miliyoni zapitazo.

Fuko lachitatu ndi la miyala yosandulika. Mwala wa fuko lililonse ukakwiririka mozama n'kupanikizidwa ndi kutentha, koma osafika posungunuka, umasintha maonekedwe. Timibulu take timandandalikana m'mizere yoyera ndi yakuda yopindikapindika, ndipo mwala wotere umatchedwa gneiss. Gawo lalikulu la Malawi, kuphatikizapo Lilongwe, Blantyre ndi Thyolo, lakhala pa miyala ya fuko limeneli, imene inaphikidwa komaliza zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo pamene zigawo za dziko zinagundana n'kupanga chimtunda chimodzi chotchedwa Gondwana. Marble wa ku Changalume, amene kwa zaka zambiri ankapangira simenti, ndi mwala wa laimu umene unasandulika m'njira yomweyi.

Mafukowa amasinthana. Granite akafumbutuka amapereka mchenga, mchengawo umakhala mwala woyalana, mwala woyalana ukakwiririka umasandulika, ndipo ukatsika koposa umasungunuka n'kuyambiranso. Mulanje ndi malo amene munthu angaone mbali yaikulu ya ulendo umenewu pa tsiku limodzi.

Phiri lobadwira pansi

Ambiri akaona kukula kwa phirili amaganiza kuti linaphulika n'kudziunjika lokha monga Kilimanjaro kapena Rungwe ku Tanzania. Mwala wake umanena zina. Mukatola chidutswa m'mbali mwa mtsinje wa Likhubula n'kuchiswa, muona timibulu tikulutikulu tolumikizana popanda mpata. Toyera kapena totuwa, tonyezimira mukatembenuza padzuwa, ndi feldspar. Toonekera ngati galasi ndi quartz, mwala womwe uja wa nsangalabwi zoyera za m'mitsinje, wolimba moti umakanda chitsulo cha mpeni. Timadontho takuda ndi timiyala tokhala ndi chitsulo. Timibulu taukulu umenewu sitingakule m'chiphalaphala chozizira panja. Mwala umene tikuuona lero pa Sapitwa unauma uli makilomita angapo pansi pa nthaka.

Anthu amangoti phiri lonse ndi granite, koma akatswiri amasiyanitsa. Mwala umatchedwa granite ngati quartz ali gawo limodzi mwa magawo asanu kapena kuposerapo. Ngati quartz ndi wochepa kwambiri, ndipo pafupifupi mwala wonse ndi feldspar, umatchedwa syenite. Pakati pa iwiriyi pali quartz syenite. Mulanje ali ndi yonse itatu, ndipo malo ambiri ndi syenite ndi quartz syenite.

Zimenezi zinachitika zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo. Nthawi imeneyo Gondwana anali akugawanika: Madagascar ndi Antarctica zinali zitayamba kale kupatukana ndi Africa, ndipo South America anali akuchoka kumadzulo. Chikhungwa cha dziko m'chigawo chino chinakokeka n'kung'aluka, magma n'kukwera m'ming'alumo, kulowa pakati pa gneiss wakale, n'kuima pamenepo. Sanabwere ulendo umodzi. Anabwera m'magulu angapo otsatizana, gulu lililonse n'kuuma mozungulira ngati mkombero, lina kulumana ndi linzake. Chambe ndi umodzi mwa mikombero imeneyi, n'chifukwa chake pamwamba pake pali chigwa chozunguliridwa ndi zitunda. Michesi, kumpoto chakum'mawa, ndi gulu lina lapalokha.

Mulanje sanabadwe yekha. Zomba ndi Malosa, Chikala, Chaone, Mongolowe ndi Chinduzi ku Machinga, komanso Morrumbala ku Mozambique, ndi a banja limodzi lotchedwa Chilwa Alkaline Province. M'banja lomweli muli timapiri ta Tundulu ndi Songwe ku Phalombe ndi Kangankunde ku Balaka, tamwala wachilendo wotchedwa carbonatite, umene makampani akuufuna masiku ano chifukwa cha phosphate wopangira feteleza ndi miyala yosowa yogwiritsa ntchito m'maginito a injini zamagetsi. Poyerekeza ndi miyala ina ya m'dziko muno, banja limeneli ndi la ana. Granite wa ku Nyika ali ndi zaka pafupifupi 2 biliyoni.

Mmene linatulukira poyera

Funso lotsatira ndi lakuti, mwala wouma pansi pa nthaka unafika bwanji pa mamita 3,002. Yankho lake ndi mvula, mitsinje ndi nthawi. Chigawo chonse cha kum'mwera kwa Africa chinakwera pang'onopang'ono, ndipo madzi anayamba kuperesa miyala imene inali pamwamba. Gneiss ali ndi mizere ndi malo ofooka amene madzi amalowamo mosavuta, choncho anafumbutuka msanga n'kukokoloka. Syenite ndi granite, amene timibulu tawo tinalumana mbali zonse, anapirira. Zinachitika monga zimachitikira pabwalo la nyumba, pamene mvula imakokolola dothi chaka ndi chaka mpaka mwala umene unali wokwiririka umatulukira, kenaka n'kuoneka ngati wakula pamene dothi ndi limene latsika. Pambuyo pake, pamene chigwa cha nyanja ya Malawi ndi cha Shire zinatitimira, mitsinje inapeza potsetserekera pozama ndipo inadya nthaka mwamphamvu kuposa kale.

Kuchoka kwa katundu wa pamwamba kunasiya chizindikiro chimene chili chofunika kwambiri pa mbiri yonseyi. Mwala umene unauma utapsinjidwa ndi makilomita a miyala ina, katunduyo atachoka, unafutukuka pang'ono n'kung'aluka m'magawo otsata maonekedwe a phiri, gawo pamwamba pa linzake. Magawo akunja amasendeka n'kugwa, n'kusiya matanthwe osalala, obulungira, amene amanyezimira mvula ikagwa. Ming'alu ina inatsika choimirira, ndipo mitsinje inaitsata n'kukumba zigwa zakuya za Ruo, Likhubula ndi Thuchila. Pakati pa nsonga panatsala zidikha za pamwamba, za Lichenya, Chambe, Thuchila ndi Sombani, pa mamita 1,800 mpaka 2,200.

Amene anawerenga miyala

Nzeru yakuti granite anali chiphalaphala inavuta kuilandira. M'zaka za m'ma 1700, Abraham Werner wa ku Freiberg m'dziko la Germany ankaphunzitsa kuti granite anadikha pansi pa nyanja yaikulu imene inamiza dziko lonse pachiyambi, ndipo ophunzira ake anafalitsa maganizowo ku Ulaya konse. James Hutton wa ku Scotland anatsutsa. Mu 1785, m'chigwa cha Glen Tilt, anapeza mitsempha ya granite wofiira italowa m'ming'alu ya mwala wina, umboni wakuti granite anafika ali wamadzimadzi ndi wotentha, mwala winawo ulipo kale. Hutton anaonanso kuti ntchito yotere imafuna nthawi yaitali kuposa imene anthu a m'masiku ake ankaiganizira.

Kuno kwathu, ntchito yowerenga miyala inazika mizu ndi Frank Dixey, amene anali katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland kuyambira 1921 mpaka 1939. Iye ndi amene anazindikira bauxite, dothi lodzaza aluminiyamu, pa Mulanje mu 1924. Mu 1937, pamodzi ndi W. Campbell Smith ndi C. B. Bisset, anasindikiza lipoti losonyeza kuti mapiri ozungulira nyanja ya Chilwa ndi a banja limodzi, ndi kuti mwala wooneka ngati laimu wa pa chilumba chachikulu cha pa nyanjayo unachokera ku moto wa pansi. Carbonatite ameneyo anali m'gulu la oyamba kudziwika mu Africa. Dinosaur wa ku Karonga, Malawisaurus dixeyi, amene chigoba chake chaimikidwa m'nyumba yosungira zakale ya ku Karonga, ali ndi dzina la Dixey, ndipo nyamazo zinkayenda kumpoto m'nyengo yomwe mapiri a kum'mwerawa ankauma pansi pa nthaka. Mu 1969, M. S. Garson ndi R. D. Walshaw a nthambi yofufuza za miyala ya ku Zomba anatulutsa lipoti ndi mapu a miyala ya dera la Mulanje, amene ofufuza akugwiritsabe ntchito.

Mwala ukawola

Khoma la mamita oposa 2,000 likaima pa njira ya mphepo, nyengo imasintha. Mphepo yachinyezi yochokera ku nyanja ya Indian Ocean, yomwe imabweretsa chiperoni m'miyezi yozizira, ikagunda phiri imakwera, imazizira, n'kukhuthula madzi ake kum'mwera ndi kum'mawa. Kumeneko mvula imapitirira mamilimita 2,000 pa chaka, pamene chidikha cha Phalombe, kuseri kwa phiri, chimalandira yochepa kwambiri poyerekeza. N'chifukwa chake tiyi, amene anayamba kulimidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ali kum'mwera, ndipo ku Phalombe alimi amadalira chimanga, nandolo, mpendadzuwa ndi fodya.

Madzi amenewa amawoletsa mwala. Feldspar akakhala m'chinyezi kwa nthawi yaitali amafewa n'kusanduka dongo, pamene quartz sasungunuka, amangomasuka n'kukhala mchenga umene omanga nyumba amakatapa m'mitsinje. Pa zidikha za Lichenya ndi Linje kuwolako kunafika patali. Kwa zaka mamiliyoni mvula inatsuka pafupifupi zonse zosungunuka, n'kusiya dothi lofiirira lodzaza aluminiyamu, lomwe ndi bauxite. Akatswiri anayerekeza kuti pamenepo pali matani oposa 25 miliyoni. Kuyambira nthawi ya atsamunda nkhani yokumba bauxite imadzuka n'kugonanso, chifukwa kusungunula aluminiyamu kumadya magetsi ochuluka, ndiponso chifukwa bauxite ali pamwamba penipeni: kuti mumutenge muyenera kusenda udzu, mitengo ndi dothi la chidikha chonse.

Dothi limenelo ndi nkhokwe ya madzi. Granite ndi syenite sizimwa madzi. Mvula yogwa pa thanthwe lopanda kanthu imatsika nthawi yomweyo m'mathithi, ndipo pakangopita masiku ochepa pamauma. Madzi amene mitsinje imayendera m'chilimwe amasungidwa m'dothi lakuda la m'zidikha, m'mizu ya udzu, m'nkhalango za m'zigwa ndi m'ming'alu. Kuchokera mmenemo mitsinje ya Lichenya ndi Thuchila imathira mu Ruo, Ruo n'kukathira mu Shire ku Chiromo, pamene ya Phalombe ndi Sombani imalowera ku nyanja ya Chilwa. Mipopi ya m'midzi yambiri ya m'maboma a Mulanje ndi Phalombe imatenga madzi m'phiri popanda injini, ndipo masiku ano madzi a Likhubula amafika mpaka ku Blantyre.

Mkungudza nawonso ndi mwana wa mwala umenewu. Kutalika kwa phiri kunapanga malo ozizira, ankhungu, ozunguliridwa ndi chidikha chotentha, ndipo mtengowu umamera mwachilengedwe pano pokha pa dziko lonse. Alexander Whyte anatola zitsanzo zake mu 1891, phiri linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mu 1984 mkungudza unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko la Malawi. Koma macheka ndi moto wolusa zinautha, moti chakumapeto kwa zaka za m'ma 2010 ofufuza anapeza kuti mitengo ikuluikulu yobereka mbewu yatsala yowerengeka. Mbande zambiri zabzalidwa kuchokera nthawi imeneyo, koma mkungudza umatenga zaka makumi ambiri kuti ukhwime.

Anthu ndi matanthwe

Makolo anawerenga phirili m'njira yawo. Anaona kuti mvula imayambira pamwamba pake ndi kuti mitsinje yake siiphwa, ndipo analilemekeza ngati mudzi wa mizimu. Pa Dziwe la Nkhalamba, pamene Likhubula anakumba dziwe lakuya m'thanthwe, ankapempha mvula ndi kuthira nsembe. Miyala yake inalowa m'ntchito za tsiku ndi tsiku: mphero yoperera mawere ndi mapira, mafuwa a pamoto, ndi dongo loumbira miphika. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse chifukwa cha ubale umenewu pakati pa phiri ndi Amang'anja, Ayao ndi Alomwe.

Maonekedwe a mwala analowanso m'mbiri ya ukapolo. Pakati pa Michesi ndi phiri lalikulu pali mpata, ndipo apaulendo opita ku Quelimane, kuphatikizapo ogulitsa akapolo, ankadutsa pamenepo m'malo mozungulira phiri lonse. David Livingstone analiona phirili mu 1859 pa ulendo wake wa ku nyanja ya Chilwa, ndipo mu 1893 boma la atsamunda linamanga linga la Fort Lister pa mpata umenewu kuti litseke njirayo.

Napolo

Thanthwe lomwe limapereka madzi ndi lomwenso limatsitsa chigumula. Pa mapiri a banja limeneli dothi ndi lopyapyala, ndipo lagona pa mwala wosalala, wotsetsereka, wosamwa madzi. Mvula ikagwa masiku angapo osaleka, madzi amalowa m'dothi mpaka kufika pa thanthwe, amasowa kolowera, n'kuyamba kuyenda pakati pa dothi ndi mwala. Zikafika pamenepo dothi limalemera, pansi pake pamaterera, ndipo chigawo chonse chimagumuka. Chikalowa m'khwawa chimasakanikirana ndi madzi n'kukhala matope olemera otha kunyamula mitengo ndi miyala ya mamita angapo, ija inasendeka kale m'magawo n'kumadikira m'zigwa. Makolo anachitcha Napolo, chinjoka chimene chimasamuka kuphiri kupita kunyanja n'kusiya njira ya bwinja.

Mu December 1946 zinachitika pa phiri la Zomba, madzi n'kugumula milatho ndi kupha anthu. Mu March 1991 zinatsika pa Michesi n'kukwirira midzi ndi mbali ya tauni ya Phalombe, ndipo anthu mazana angapo anafa. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoopsa kum'mwera konse, mapiri a Mulanje, Michesi, Chiradzulu ndi Soche n'kugumuka malo ambiri, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Zipsera zoyera za zigumulazo zikuonekabe m'matanthwe.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo akatswiri a miyala amavomereza. Patsinde pa phiri, pamene khwawa limatulukira m'chidikha, pamakhala malo okwera pang'ono, a miyala ikuluikulu yomwazikana m'dothi lachonde. Malo otere amakopa anthu chifukwa madzi ali pafupi ndipo sipadikha matope. Koma miyala ikuluikuluyo inabwera ndi zigumula zakale, ndipo njira imene inadzera ikadali yotseguka. Mwala waukulu wobulungira pakati pa munda, kutali ndi thanthwe, ndi umboni wakuti Napolo anadutsapo.

Udindo wa mbadwo uno

Mvula yoopsa ikhoza kugumula phiri ngakhale mitengo ilipo, monga mbiri ya zigumula zakale ikusonyezera. Komabe mizu imamanga dothi, nkhalango imachedwetsa madzi, ndipo malo otsetsereka amene atenthedwa makala kapena kulimidwa mpaka m'khosi mwa thanthwe amagumuka ndi mvula yocheperapo. Anthu amene amalima ndi kumanga m'malo amenewa sachita dala. Mulanje ndi Phalombe ali m'gulu la maboma othithikana kwambiri, ndipo ku Mulanje malo ambiri abwino ali m'minda ya tiyi. N'chifukwa chake nzeru ya miyala iyenera kutuluka m'malipoti a ku Zomba n'kufika kwa mafumu ogawa malo, kwa makhonsolo ovomereza sukulu ndi zipatala, ndi kwa aphunzitsi. Mwana wa ku Likhubula kapena ku Migowi akamaphunzira mafuko atatu a miyala aziphunzira atagwira chidutswa cha syenite m'manja, ndipo azitha kuloza m'mudzi mwake pamene chigumula chakale chinadzera.

Chimodzimodzinso nkhani ya migodi. Dziko losauka lili ndi ufulu wofuna phindu m'miyala yake, koma amene akuyeza matani a bauxite ayenera kuyezanso madzi amene dothi lomwelo limasunga, ndi chiwerengero cha anthu amene amamwa madziwo. Thanthwe la Mulanje lidzakhalapo kwa zaka mamiliyoni ena, kaya tilisamale kaya tilinyoze. Dothi la pamwamba pake linatenga zaka masauzande kuti lipangike, ndipo lingathe kuchoka m'nyengo imodzi ya mvula. Dothilo, mitengo yoligwira, ndi malo amene tikumangapo nyumba ndi zimene zili m'manja mwathu, ndipo adzukulu athu adzatifunsa za zitatu zimenezi.